Misewu Yotayidwa Imene Njinga Idatola

Nkhani ya sabata ino ndi ya njira ziwiri za m'dziko la England. Ina imatuluka mu mzinda wa London kulowera kumwera cha kumadzulo, inayo imalumikiza mizinda ya Bristol ndi Bath. Zonse ziwiri zidatchuka chifukwa cha anthu opalasa njinga, amene ankathawa utsi ndi phokoso la m'tauni kukafuna mpweya wabwino m'midzi yozinga mzinda. Komatu pa ziwirizi palibe imene idalambulidwa chifukwa cha njinga. Iliyonse idali ndi mwini wake woyamba, ndipo njinga idaipeza itatayidwa.

Njira yoyamba ndi msewu wopita ku Portsmouth. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1800 msewu umenewu sunkagona, pakuti Portsmouth lidali doko lalikulu la zombo za nkhondo za Angelezi, ndipo akuluakulu a asilikali a pamadzi, onyamula makalata a boma ndi amalonda ankayenda usana ndi usiku mtunda wa mamailosi pafupifupi 70 wa pakati pa dokolo ndi London. Ankayenda pa magaleta okokedwa ndi akavalo. Kavalo wokoka katundu wolemera satha kuthamanga tsiku lonse, motero m'mbali mwa msewu mudali nyumba za alendo zambiri zosinthirako akavalo, apaulendo ali kudya ndi kumwa. Mudzi wa Ripley, m'chigawo cha Surrey, mamailosi pafupifupi 23 kuchokera ku London, udali umodzi wa midzi imene inkadyera pa msewuwo. Ndalama zosamalira msewu zinkachokera ku msonkho umene apaulendo ankapereka pa zipata, ndipo m'zaka zimenezo misewu yambiri yotere idakonzedwa potsata nzeru ya John Loudon McAdam, yoyala timiyala toswedwa bwino, totsendereka pamodzi, kuti madzi a mvula azitsetserekera m'mbali.

Chimene chidapha moyo umenewu ndi njanji. M'chaka cha 1838 sitima ya pamtunda yochokera ku London idafika ku Woking, mamailosi owerengeka kuchokera ku Ripley. M'chaka cha 1845 idafika ku Guildford, ndipo pofika 1859 padali njanji yachidule yokafika ku Portsmouth komwe. Mudzi wa Ripley sudalandire siteshoni. Magaleta adatha, makola a akavalo adakhala apululu, ndipo msonkho wa pa zipata udachepa kufikira mabungwe osamala misewu adathetsedwa limodzi ndi limodzi, ambiri a iwo m'zaka za m'ma 1870. Udindo udagwera akuluakulu a m'midzi, amene sankaona chifukwa chotayira ndalama pa msewu wongodutsapo alendo. Chotero misewu ikuluikulu ya dziko lolemera chotere idatsalira ngolo za alimi ndi ng'ombe zopita ku msika. Wa ku Portsmouth udali ndi mwayi pang'ono, popeza mbali yaikulu ya dera limene umadutsa ndi ya mchenga wosasunga madzi, ndipo udakhalabe wosalala kuposa inzake yambiri.

Apa ndi pamene njinga idatulukira. Njinga ya m'zaka za m'ma 1870 ikadadabwitsa aliyense wozolowera njinga za masiku ano. Idalibe tcheni. Zopalasira zidamangiriridwa pa gudumu la kutsogolo lenilenilo, kotero kuti njira yokha yowonjezera liwiro idali kukulitsa gudumulo, ndipo lidakula mpaka kufika m'chifuwa mwa munthu, pamene la kumbuyo lidali laling'ono ngati lichero. Matayala adali a mpira wolimba, wopanda mpweya. Wokwera ankakhala pamwamba pa gudumu lalikululo, ndipo mwala umodzi kapena galu wodutsa mwadzidzidzi zidali zokwanira kumgwetsa chamutu. Idali njinga ya anyamata olimba mtima okhala ndi kandalama m'thumba, monga akalaliki a m'mabanki, ana a amalonda ndi ophunzira udokotala.

Anyamatawa ankagwira ntchito sabata yonse mu mzinda wodetsedwa ndi utsi wa malasha, ndipo Loweruka masana kapena Lamulungu m'mawa ankautulukamo m'magulu. Ankawoloka mtsinje wa Thames pa Putney, nakwera chitunda, natsikira ku Kingston, kumene msewu umayenda kufupi ndi mtsinjewo. Pa Thames Ditton padali nyumba ya alendo yotchedwa Angel, pamene magulu ankadikirirana. Kuchoka apo nyumba zinkayamba kutalikirana. Msewu unkapyola Esher, nudutsa m'thengo lathyathyathya la Fairmile, kumene ofuna kuyesana liwiro ankathamangitsana, nutsikira ku Cobham kukawoloka kamtsinje ka Mole, nukweranso chitunda cha Pain's Hill. Kenaka kudali chigawo chimene onse ankachikonda koposa, nkhalango ya mitengo ya paini ya ku Wisley, ya mthunzi wozizira ndi fungo la utomoni, m'mene muli thamanda lalikulu la Bolder Mere, ndipo m'mphepete mwa thamandalo mudali hotela yotchedwa Hut. Patsogolo pang'ono padali Ripley, ndi msewu wake wotambalala wa masiku a magaleta. Mtunda wake udali woyenera ndithu, pafupifupi ngati kuchoka ku Limbe kukafika pa boma la Thyolo: wokwanira kuti munthu amve kuti wayenda, komanso wolola kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Sikuti opalasa njinga ankalandiridwa paliponse. Eni nyumba za alendo ambiri ankawanyoza, popeza ankafika atayera ndi fumbi, alibe kavalo womlipirira khola ndi udzu, ndipo ambiri ankangofuna tiyi ndi buledi. Oyendetsa ngolo ena ankawatsekera njira mwadala. Koma ku Ripley kudali kanyumba ka alendo kakalekale kotchedwa Anchor, ka banja la a Dibble, mayi ndi ana ake aakazi awiri, Annie ndi Harriet. Banjali lidatsegula chitseko, lidaphika chakudya chokwanira anthu anjala pa mtengo woti kalaliki angathe kulipira, ndipo mbiri yake idawanda m'magulu onse a njinga. Kuyambira 1881 alendo ankalemba maina awo m'mabuku a pa nyumbayo, ndipo ena mwa mabukuwo asungidwa mpaka lero, odzaza ndi maina zikwizikwi. Mbusa wa tchalitchi cha pafupi, m'malo modzudzula anthu oyendayenda pa tsiku la Mulungu, adawakonzera mapemphero awoawo a masana. M'tchalitchimo mudaikidwa chikumbutso cha Herbert Liddell Cortis, amene m'chaka cha 1882 adakhala munthu woyamba kupalasa mamailosi 20 mu ola limodzi. Ndipo Annie ndi Harriet atamwalira motsatizana, m'zaka za 1895 ndi 1896, opalasa njinga adasonkha ndalama naika m'tchalitchi momwemo zenera la magalasi amitundumitundu lowakumbukira. Sikawirikawiri ophika tiyi kulandira ulemu wotere.

M'menemo njinga idali itasintha. M'chaka cha 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry adatulutsa njinga yotchedwa Rover, ya magudumu pafupifupi ofanana ndi tcheni choyendetsa gudumu la kumbuyo, ndipo imeneyo ndiyo kholo la njinga zonse za masiku ano. M'chaka cha 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, adakonzera kanjinga ka mwana wake matayala opopa mpweya. Dzina la Rover silachilendo kwa omvera, pakuti kampani yomweyo idayamba kupanga magalimoto mu 1904, ndipo mu 1948 idatulutsa Land Rover. Maina a Humber ndi Raleigh, amene akuluakulu a ku Malawi ndi ku Zambia amawatchula ndi ulemu, adakulanso m'nyengo yomweyi ku Nottingham ndi m'mbali mwake.

Njinga yatsopanoyo idatsitsa wokwera kufupi ndi nthaka, ndipo aliyense adatha kuikwera, nkhalamba, mtsikana ngakhale munthu wamantha. Pakati pa zaka za m'ma 1890 msewu wa ku Ripley udasefukira. Zolembedwa za mbiri zimanena kuti pa Lamulungu la Pentekoste la 1894 apolisi adayerekeza kuti anthu 20,000 adadutsa mu Kingston pa njinga. Apolisi omwewo adatchuka ndi kubisalira othamanga, ndipo bwalo la milandu la kumeneko lidatolera zindapusa zambiri. Mlembi H. G. Wells, amene adagwirapo ntchito m'sitolo ya nsalu ali mnyamata, adatulutsa mu 1896 buku lotchedwa The Wheels of Chance, lonena za wogulitsa nsalu wa ku Putney amene adathera tchuthi chake pa njinga, kuyambira pa msewu womwewu. Wells adaona chinthu chenicheni. Munthu wa malipiro ochepa, amene dziko lake lidali sitolo ndi kachipinda kogona, tsopano adatha kupita kulikonse kumene miyendo yake ikadamfikitsa, osagula tikiti ndiponso osapempha chilolezo kwa wina aliyense.

Kwa akazi nkhaniyi idali yaikulu koposa, ndipo idafika mpaka ku bwalo la milandu. Siketi yaitali ya masiku amenewo inkakodwa m'tcheni ndi m'masipoko, motero akazi ena adayamba kuvala kabudula wotakasuka wofika m'munsi mwa mawondo. M'mwezi wa Okutobala 1898 mayi wina wa banja lolemekezeka, Lady Harberton, amene adali mtsogoleri wa gulu lolimbikitsa mavalidwe oterewa, adaima pa hotela ya Hautboy m'mudzi wa Ockham, woyandikana ndi Ripley, kuti adye nkhomaliro. Mwini hotelayo, Martha Sprague, adakana kumlowetsa m'chipinda chodyera chifukwa cha zovalazo, namlozera kuchipinda kumene amuna ankamwera mowa ndi kusuta fodya. Bungwe la opalasa njinga lidatengera nkhaniyo ku khoti, ndipo mu Epulo 1899 khoti lidapeza mwini hotelayo wosalakwa, ponena kuti sadakane kugulitsa chakudya, adangosankha malo odyera. Mlandu udatayika, koma akazi sadachoke pa msewu.

Bungwe limenelo lidali Cyclists' Touring Club, limene lidabadwa mu 1878 ku Harrogate ndi dzina lina, nilitenga dzinali mu 1883. Pofika 1899 lidali ndi mamembala oposa 60,000. Ntchito yake yambiri idali yosatchuka koma yofunika. Lidapangana mitengo ndi mahotela nilipachika chizindikiro chake cha gudumu la mapiko pa makoma awo, lidasindikiza mabuku ofotokoza misewu, ndipo pamodzi ndi bungwe linzake la National Cyclists' Union lidazika zikwangwani zachitsulo pamwamba pa zitunda zoopsa, boma lisadaganizeko za zikwangwani zochenjeza. Mu 1886 mabungwe awiriwa adakhazikitsa Roads Improvement Association, gulu lokakamiza akuluakulu kukonza misewu, limene linkagawa timabuku tophunzitsa kayalidwe ka miyala. Ufulu wa njinga pa msewu udadza m'njira yoseketsa. Mu 1879 munthu wina woimbidwa mlandu wothamangitsa njinga adadziteteza ponena kuti lamulo limanena za magaleta okha. Oweruza adagamula kuti njinga nayo ndi galeta, ndipo adam'peza wolakwa. Kugonja kwake kudapindulira anzake onse, pakuti galeta ali ndi malo ake pa msewu. Lamulo la 1888 lidatsimikiza zimenezi m'dziko lonse la England ndi Wales, nililamulanso kuti njinga izikhala ndi nyali usiku ndi kuchenjeza anthu powapitirira.

Akale adati walira mvula walira matope. Misewu yabwino imene opalasa njinga adaimenyera idakopa mlendo wamphamvu kuposa iwo. Lamulo la 1896 lidalola galimoto kuyenda mamailosi 14 pa ola, la 1903 lidakweza kufika 20, ndipo olemera ambiri amene ankapalasa njinga adagula magalimoto. Fumbi la galimoto lidaphimba minda ndi mazenera a m'mbali mwa msewu wa ku Portsmouth kufikira padayamba ntchito yothira phula. William Rees Jeffreys, amene adayambira m'bungwe la opalasa njinga, ndiye adakhala mlembi wa Road Board, nthambi imene boma lidakhazikitsa mu 1910 kuti izigawa ndalama za msonkho wa petulo ndi wa magalimoto pokonza misewu. Msewu wakale uja udapatsidwa nambala ya A3, ndipo mu 1927 udatsegulidwa msewu watsopano wolambalala Kingston.

Pofika 1934 zinthu zidafika poipa. M'chaka chimenecho anthu oposa 7,000 adafa pa misewu ya ku Britain, ambiri a iwo oyenda pansi ndi opalasa njinga. M'mwezi wa Disembala nduna ya za mtengatenga, Leslie Hore-Belisha, idatsegula tinjira ta simenti ta njinga zokha m'mbali mwa msewu wa Western Avenue, kumadzulo kwa London, mtunda wa mamailosi awiri ndi theka. Chodabwitsa ndi chakuti bungwe la opalasa njinga lidakana mphatsoyo. Lidaopa kuti tsiku lina lamulo lidzawaletsa kuyenda pa msewu waukulu umene makolo awo adaumenyera, ndiponso lidaona kuti tinjirato tinkatha pa mphambano, pomwe ngozi zimachuluka. Mfundo zonse ziwiri zidali zomveka. Koma bungwelo lidalankhulira amuna amphamvu ozolowera kupikisana ndi magalimoto, ndipo mwana wa sukulu kapena mayi wonyamula katundu adalibe womlankhulira. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 anthu otere adasiya njinga mwaunyinji. Hotela ya Hut idagwetsedwa pokulitsa msewu, ndipo mudzi wa Ripley udapezanso bata mu 1976 pokha, utamangidwa msewu woulambalala.

Njira yachiwiri ili kutali ndi kumeneko, mamailosi oposa 100 kumadzulo kwa London, ndipo mbiri yake ikuyamba ndi kugwa kwa njanji. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe: sitima imene idalanda magaleta apaulendo idalandidwa apaulendo ake ndi galimoto, basi ndi lole. Mu 1963 mkulu wa njanji za boma, Dr Richard Beeching, adalemba lipoti lolangiza kutseka mamailosi pafupifupi 5,000 a njanji ndi masiteshoni oposa 2,300. Pakati pa njanji zotsekedwa padali ina ya kampani yakale ya Midland Railway, yochoka ku Bristol kudzera ku Fishponds ndi Staple Hill kufika ku Mangotsfield, ndi nthambi yake ya 1869 yotsikira ku Warmley ndi Bitton, yotsata chigwa cha mtsinje wa Avon mpaka ku Bath. Sitima zonyamula anthu pa nthambiyo zidaleka m'mwezi wa Malichi 1966. Za malasha zidapitiriza kufikira 1971, kenaka zitsulo zidazulidwa, ndipo padamera minga ndi zitsamba, anthu nayamba kutayako zinyalala.

Mu 1977, mtengo wa mafuta utakwera kwambiri kuyambira 1973, anthu ena a ku Bristol adapanga kagulu kotchedwa Cyclebag, ndipo mmodzi wa atsogoleri ake adali injiniya John Grimshaw. Atatopa ndi kupempha akuluakulu a mzinda, adaganiza zodzimangira okha. Adaona chimene ena sadachione, chakuti njanji yakufa ndi msewu wa njinga womangidwa kale. Sitima sitha kukwera chitunda chachikulu, motero omanga njanji adali atadula kale zitunda, atakwirira zigwa ndi kumanga milatho, ndipo njira yake siikumana ndi magalimoto kawirikawiri, popeza imadutsa pamwamba kapena pansi pa misewu. Chotsala chidali kulambula ndi kuyala pansi. Mu 1979 anthu ongodzipereka, opanda malipiro, adagwira ntchito ndi mafosholo ndi mawilibala nayala miyala yopera pa mtunda wa mamailosi asanu pakati pa Bath ndi Bitton. Idali ntchito yodzithandiza yeniyeni. Chigawo ndi chigawo njirayo idatalika, kufikira mu 1986 idalowa m'kati mwa Bristol, mamailosi pafupifupi 13 onse pamodzi, ndipo pambuyo pake idathiridwa phula.

Kukongola kwa njira imeneyi nkosiyana ndi kwa msewu wa ku Ripley. Msewu umadutsa kumaso kwa nyumba, pamene njanji imadutsa kuseri. Wochoka ku Bristol amayamba ndi kuona makoma a mafakitale akale, timinda ta ndiwo ndi zovala zoyanikidwa kuseri kwa nyumba za anthu wamba. Pa Staple Hill amalowa m'mphanga imene idakumbidwa kuti sitima izipyola pansi pa chitunda, yozizira ndi yodontha madzi ngakhale m'nyengo yotentha, m'mene tsopano mudaikidwa magetsi. Pa Mangotsfield amapeza mabwinja a siteshoni, makoma opanda denga, ndipo pamene padali nsanamira za denga padabzalidwa mitengo m'mizere yomweyo. Ku Bitton okonda sitima zakale adabwezeretsa zitsulo pa kachigawo kena, kotero kuti masiku ena sitima ya nthunzi ndi njinga zimayenda moyandikana, mpanda wokha pakati. Kuchoka apo dziko limatseguka, ndipo njira imawoloka Avon kangapo pakati pa madambo a ng'ombe ndi mapiri obiriwira kufikira ku Bath.

Kagulu kaja kadakula nikatenga dzina la Sustrans, ndipo mu 1995 kadalandira mapaundi oposa 40 miliyoni ochokera ku lotale ya dziko kuti kalumikize njira zotere m'Britain monse. Koma njira ya ku Bristol idaposa cholinga cha oyimanga. Idamangidwa makamaka ngati ya kokayenda pa Lamulungu, koma idasanduka ya ogwira ntchito a m'mawa ndi madzulo, ana a sukulu, oyenda pansi ndi okankha tingolo ta makanda, kufikira m'zigawo za m'tauni padabuka kudandaula kuti othamanga pa njinga akuopseza oyenda pansi, monga momwe adadandaulira anthu a ku Kingston zaka zana zapitazo. Ndipo malo amene kale adali dzala adayamba kusiririka. Kuchiyambi kwa 2008 kudamveka kuti akuluakulu a chigawocho akulingalira zoyendetsa mabasi pa mbali ina ya njirayo. Anthu zikwizikwi adasaina makalata okana, nachita ulendo wa ziwonetsero pa njira yomweyo, ndipo maganizowo adasiyidwa chaka chomwecho.

Ku Bath ntchito idapitirira. Siteshoni ya Green Park, kumene nthambi ija inkathera, idalinso poyambira njanji ina ya Somerset and Dorset, imene idatsekedwa m'mwezi womwewo wa Malichi 1966. Njanji imeneyo inkatuluka mu mzinda popyola pansi pa phiri la Combe Down, m'mphanga yotalika kuposa mailosi imodzi, imene oyendetsa sitima ankaiopa chifukwa idalibe potulukira utsi. Idakhala yotseka zaka zoposa 40. Mu Epulo 2013 idatsegulidwa kwa oyenda pansi ndi opalasa njinga, ndipo chapakati pake adaikamo tinyali ndi zokuzira mawu zoimba nyimbo chapansipansi mumdimamo.